Wosunga Sabata ndi Ntchito za M'mudzi

M'midzi yathu yambiri, mfumu ikamema anthu ku ntchito ya chitukuko, monga kuumba njerwa za sukulu, kulambula msewu, kukonza mlatho umene madzi anakokolola, kapena kututa mchenga ndi miyala ya pa mjigo, tsiku limene limasankhidwa kawirikawiri ndi Loweruka. Chifukwa chake nchodziwika: ana sapita kusukulu, ogwira ntchito za malipiro ali pakhomo, ndipo mipingo yambiri imapembedza m'mawa mwake. Koma kwa ife tsiku limenelo ndilo Sabata. Chotero pamene anansi athu akutsikira kudambo ndi makasu ndi zikombole, ife timawadutsa titavala bwino, Baibulo lili m'manja. Sukuluyo ikatha kumangidwa ana athu amaphunziramo, ndipo mjigowo ukayamba kutulutsa madzi ndowa zathu zimakhala pamzere pamodzi ndi za onse.

Kodi pamenepa tachita chilungamo? Funso limeneli siliyenera kupewedwa, pakuti anansi athu amalifunsa ngakhale ife tisakumva. Yankho lake lingatsegule kapena kutseka khomo la uthenga m'mudzi wonse.

Poyamba tiyese maganizo amene amabisala m'mitima ya okhulupirira ena. Alipo amene amati: "Ife ndife alendo ndi ogonera pa dziko lino, Ambuye ali pafupi kubwera, nanga tivutikirenji ndi milatho imene idzapsa ndi moto?" Ena amatchula 2 Akorinto 6:14, nanena kuti kugwira ntchito limodzi ndi anthu a zikhulupiriro zina ndiko kumangidwa m'goli ndi osakhulupira. Maganizo awa amaoneka ngati auzimu, koma Malemba sawavomereza.

Werengani Yeremiya 29:4-10. Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo anali alendo enieni. Mudzi umene anakhalamo unali wa opembedza mafano, ndiponso wa anthu amene anawachotsa kwao mokakamiza. Anali nalo lonjezo lakuti zikadzatha zaka 70 adzabwerera. Ngati panali anthu oyenera kupinda manja ndi kungodikira, anali iwowa. Koma kalata ya mneneri inawauza kuti amange nyumba, alime minda, afunire mudziwo zabwino ndi kuupempherera, popeza ubwino wao unali womangika pamodzi ndi ubwino wa mudziwo. Chiyembekezo cha kubwerera kwao sichinawamasule ku udindo wa pamalo pamene anali. Momwemonso chiyembekezo cha kubweranso kwa Yesu sichitimasula ife. Goli limene Paulo analetsa ndi la kugwirizana ndi kusayeruzika ndi mafano. Kusenza mtanda wa mlatho pamodzi ndi Msilamu, Mkatolika kapena munthu wosapemphera sikugwadira fano lililonse. Kolera ikalowa m'mudzi chifukwa cha madzi oipa, sifunsa kuti mwana uyu ndi wa mpingo uti.

Makolo athu anachidziwa chinthu ichi asanaone Baibulo. Ankalimitsana pa dima, ankathandizana kukweza denga, ndipo maliro sanali a banja limodzi. Anatisiyira mau akuti mutu umodzi susenza denga. Koma mbiri yathu ikutiphunzitsanso kuti chinthu chabwino chimaonongeka chikalowa chikakamizo. Mau akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana. M'nthawi ya atsamunda, eni minda ikuluikulu ya kumapiri a Shire anawasandutsa dzina la ntchito imene munthu ankagwira popanda malipiro kuti aloledwe kukhala pa nthaka imene azungu anaitenga. Kuwawa kwa thangata wotere, makamaka pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kunali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira m'chaka cha 1915. Ndipo dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri mu 1994, ambiri anayamba kuona ntchito iliyonse yopanda malipiro ngati thangata wakale uja, nati boma kapena mabungwe ndiwo achite.

Tiyenera kumvetsa chilonda chimenechi, koma tisachisandutse pobisalira. Thangata wa atsamunda anali thukuta la wosauka lolemeretsa mwini munda. Ntchito ya m'mudzi ndi thukuta la anansi lopindulira ana ao omwe. Mkhristu sadikira chikwapu kapena chindapusa cha mfumu kuti agwire ntchito yotere. Amaigwira mwaufulu, chifukwa anaphunzira kwa Ambuye wake kuti mnansi ndi aliyense amene kusowa kwake kwafika pamaso pake (Luka 10:29-37).

Tsono tibwerere ku funso la Sabata. Lamulo lachinayi sitingalisinthe pofuna kukondweretsa mfumu kapena komiti. Kuumba njerwa, kutema mitengo ndi kulambula msewu ndi ntchito wamba zimene zingadikire, ndipo sitizigwira kuyambira Lachisanu dzuwa litalowa kufikira Loweruka dzuwa litalowa. Pamenepa sitinyengerera. Koma tiwerengenso Eksodo 20:8-11 mosathamanga. Lamulo lomwelo limene limapatula tsiku lachisanu ndi chiwiri limaperekanso masiku asanu ndi limodzi ku ntchito. Munthu amene amagwiritsa tsiku limodzilo, naiwala asanu ndi limodzi aja, wasunga theka la lamulo. Ngati anansi athu amationa tikusowa pa ntchito ya Loweruka, nasationanso Lamulungu kapena Lolemba, sadzanena kuti ndife oopa Mulungu. Adzanena kuti ndife aulesi amene apeza chifukwa, ndipo dzina la Sabata lidzanyozeka chifukwa cha ife.

Njira yoongoka si yovuta. Akulu a mpingo asadikire kuti mlandu ubuke. Apite kwa mfumu mwaulemu ntchito isanayambe, afotokoze chikhulupiriro chathu, ndi kupempha kuti gawo lathu liyezedwe: njerwa zakutizakuti, kapena msewu kuchokera apa kufika apo. Gawo limenelo ligwiridwe tsiku lisanafike la onse, kuti anansi pofika Loweruka m'mawa apeze njerwa za Aadiventi zikuuma kale padzuwa. Chopereka cha pamwezi chokonzera mjigo chituluke msanga m'nyumba zathu. Wa ife akasankhidwa kukhala msungichuma wa komiti, buku lake likhale loyera, lotseguka kwa aliyense. Tikatero, kusapezeka kwathu pa Sabata kudzakhala umboni, ndipo wina adzafunsa kuti tsiku limeneli lili ndi chiyani.

Nehemiya 3 ndi mutu umene ambiri amaudumpha chifukwa wadzaza maina, koma uli ndi phunziro lakuya. Pomanganso linga la Yerusalemu, ansembe, osula golidi, amalonda ndi ana aakazi a Salumu anagwira ntchito moyandikana, ambiri akukonza pandunji pa nyumba zao. Mzimu Woyera sanaiwale kulembetsa kuti akuluakulu a ku Tekoa anakana kugwira nawo (vesi 5), ngakhale kuti anthu wamba a mudzi womwewo anamaliza gawo lao natenganso lina (vesi 27). Linga linatha m'masiku 52. Kumwamba kumaona amene anasenza mwala ndi amene anaimirira patali.

Pali nthawi zina pamene ntchito singadikire. Yesu ananena za nkhosa yogwera m'dzenje pa Sabata, nasonyeza kuti munthu aposa nkhosa (Mateyu 12:11, 12). M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, ndi m'madera a Mulanje ndi Phalombe, oyamba kukumba pofuna opulumuka anali anansi, ndi makasu ndi manja ao. Tsoka lotere likagwa pa Sabata, khasu la wopulumutsa moyo siliswa lamulo. Kusiyanitsa kwake ndi uku: kodi ntchitoyi ikupulumutsa moyo ndi kuchepetsa kuwawa lero, kapena ingagwiridwe mawa popanda wovulala?

Zimenezi si zachilendo mu mpingo wathu. Mishoni ya ku Thyolo imene inayamba mu 1902 inatchedwa Malamulo, koma anthu ozungulira anaidziwanso ndi chipatala chake, kumene odwala khate analandiridwa pamene ambiri ankawathawa. Amayi a Dorika amatenga dzina la mkazi wa ku Yopa amene imfa yake inaliritsa amasiye onse atanyamula zovala zimene anawasokera (Machitidwe 9:36-39). Chotsala ndi chakuti mtima womwewo uonekere pa bwalo la mfumu, pamene palibe chikwangwani cha mpingo ndipo palibe amene adzatiyamike ndi dzina.

Abale ndi alongo, mwambi umati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma Ambuye akutiitanira patsogolo pake: kuti tizimire ngakhale iye amene sadzatha kuzima zathu (Luka 14:12-14). Tikuyembekezera mudzi umene Mulungu ndiye mmisiri wake. Kufikira utaoneka, mudzi umene tikukhalamo ukhale wabwinoko chifukwa chakuti muli osunga Sabata.

Mafunso Okambirana m'Kalasi

1. Ndi ntchito iti ya m'mudzi kapena m'dera lanu imene mpingo wanu umapindula nayo koma sunaikepo dzanja? Kalasi lanu lingayambe bwanji m'chigawo chino cha chaka?

2. Mfumu ikakana kupereka tsiku lina, nilamula chindapusa kwa osafika Loweruka, wokhulupirira achite chiyani kuti asunge Sabata ndi ulemu womwe?

3. Kodi tingasiyanitse bwanji ntchito yachifundo yoyenera pa Sabata ndi ntchito imene ingadikire?