Fanizo la Limba ndi Cinyontho

Abale okondedwa a ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, mvetsani fanizo la limba lija la nsambo, lochedwa piyano.

M'kati mwace muli nsambo zacitsulo zoposa 200, zokungika kolimba pamwamba pa thabwa lopyapyala lokuza mau. Mmisiri akalikonza, liyimba bwino. Koma ikagwa mvula ya dzinja, kapena ciperoni cikakuta mapiri mu Juni ndi Julayi, thabwalo limwa cinyontho nilitupa, nilikoka nsambo, ndipo mau akwera. Likafika dzuwa la Okutobala thabwa liuma nilifota, nsambo zilenda, mau natsika. Palibe dzanja lalikhudza. Mpweya wa m'cipinda ndiwo walisokoneza. Inu oomba ng'oma mudziwa zotere, pakuti cikopa cikazizira muciwamba pamoto.

Tsono coopsa ndi ici: nsambo zitsikira pamodzi pang'ono pang'ono, ndipo eni nyumba, ozolowera kulimva, sazindikira kanthu. Cifukwa cace mmisiri sayamba ndi kuyesa nsambo ndi inzace. Ayamba ndi kacitsulo ka mphanda, kamene kanjenjemera nthawi 440 pa sekondi imodzi, ndiwo muyeso anaupangana ku London mu 1939.

Momwemonso mpingo. Pa 2 Akorinto 10:12 Paulo adzudzula iwo akudziyesa ndi anzao okha. Mkristu aleka pemphero la m'mamawa cifukwa athamangira kumunda. Abisa masamba okhwima pansi pa dengu kuti lilemere pa sikelo. Tsiku la malipiro ndalama zitsala kumowa, ana nagona ndi njala. Ayang'ana mnansi wace, napeza acita zomwezo, nati mumtima, Tonse tiri bwino. Ha! mwatsikira pamodzi, abale, ndipo khutu lanu lazolowera.

Mwini limba wanzeru saliika pazenera, kapena pafupi ndi moto, alisankhira malo. Nanga inu, mtima wanu muukhazika kuti madzulo, ndi pakati pa yani?

Usanafike Mgonero wa Ambuye, tsegulani Buku Lopatulika, pakuti ndiwo muyeso wosasinthika ndi nyengo. Amene ananyenga pa sikelo aulule. Amene anamana banja lace abweze. Mmisiri akapotoza cikhomo, nsambo ilira ngati idzaduka. Koma iye adziwa polekeza. Lolani Ambuye akukungeni, kuti mpingo wace uyimbenso mau oona.