Khonde limene buluzi adakonda lili ndi mwini wake

Pali maganizo anga ena okhudza nyimbo ndi kayankhulidwe ka masiku ano amene ndikawatulutsa pagulu ndimatsala ndekhandekha. Akuluakulu amati ndikuikira kumbuyo ana osamva, anzanga amati ndakalamba msanga. Ndiye ndati ndiwalembe pano, kuti wofuna kunditsutsa anditsutse atafika kumapeto, osati kungoona ndime yoyamba n'kuthamangira kulemba kuti "mbola".

Ndiyambe ndi amene amakwiyitsa akuluakulu. Chichewa choyera, chosasakanikirana ndi kanthu, chimene amati achinyamatafe tikuchiipitsa, sichidakhalepo. Mwina munthu wokulira pakati pa Dowa angakhulupirire kuti chidalipo, koma ife a kuno ku Mchinji n'kovuta kutinamiza. Kuchoka pa boma kukafika pa malire a Mwami ndi kamtunda koti wa kabaza amakakutula, ndipo Chipata tili nayo pafupi kuposa mzinda wa Lilongwe, umene uli pa mtunda wa makilomita oposa 100. Ukapotokola wailesi umapeza Mudzi Wathu apa, Breeze FM ya ku Chipata apo. Mwezi wa February Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amapita ku Nc'wala ya Mpezeni ku Mtenguleni, mwezi wa August Achewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Pobwerera sabwera ndi zitenje zokha. Mwana wa kuno akati "nifuna manje manje" sakuwononga chiyankhulo cha munthu aliyense. Akuyankhula mmene amayankhulira azakhali ake a mbali inayo, ndipo "manje" ameneyo ndi mawu a kummwera, kwa Azulu, komwe makolo a Angoni athuwa adachokera malire ano asadalembedwe n'komwe.

Tangoonani mawu amene agogo amawayesa awoawo. Nsapato, kalata, chipewa, mbatata, kapitawo: onsewa tidabwereka kwa Apwitikizi. Ndege ndi ya Aswahili. Azibambo amene adapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndi ena amene adakagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, adabwera ndi mawu m'masutikesi pamodzi ndi mabulangete. Lero mnyamata akati "ndavaya" akudutsa njira yomweyo, poti nawonso ndi mawu a m'makwalala a ku Joni. Ndipo Chichewa cha m'mabuku chimene tidalembera mayeso chidachita kusankhidwa ndi anthu atakhala pa mipando. Mu 1968 chipani cha MCP chidagamula kuti chiyankhulo chimene chinkatchedwa Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale cha fuko lonse. Mu 1972 kudakhazikitsidwa Chichewa Board yoti iziuza anthu mawu olondola ndi olakwika. Ku Zambia adasunga dzina lakale lija, ndipo mpaka lero iwo amalemba "cabe" pomwe ife timalemba "chabe", chonsecho potchula timatchula mofanana. Sindikunyoza Chichewa cha m'mabuku ayi, ndi chomwe ndikulembera pano, ndipo chimatithandiza kumvana kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndikungoti ndi yunifolomu. Ndi yabwino ndithu, koma palibe adabadwa atavala.

Ku nyimbo nkhani ndi yomweyo. Amene amati amapiano ndi zachilendo amaiwala kuti Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, omwe timawatchula mwaulemu, ankaimba kwela, ndipo kwela adachokera ku Joni komweko kumene kwachokera amapiano. Evison Matafale, amene imfa yake mu 2001 ali m'manja mwa apolisi imawawabe anthu, ankaimba rege ya ku Jamaica. Makolo athu adavina rumba ya ku Congo mpaka nsapato kutha zidendene. Komanso tisamanamizane, si nyimbo zonse zakale zimene zinali zabwino. Zoipazo zidaiwalika, nthawi idapeta, tatsala ndi mphale yokhayokha, ndiye tikuyerekeza mphale ya dzana ndi chimanga cha lero chimene chikadali ndi gaga wake. Achinyamata nawo si ogontha. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, adamvekanso dziko lonse atakhala pansi kuimba ndi Namadingo mu 2020, ndipo amene adafalitsa "Linny Hoo" pa TikTok sadali anthu a imvi.

Mpaka pamenepa anzanga amakhala akuti "eya, auze". Timasiyana ndikafika pa mwambi umene m'badwo wathu umaukonda koposa, uja wakuti makondamakonda, buluzi adakonda khonde. Timaunena pofuna kutseka nkhani: iwe konda zako, ine zanga, usandiweruze. Ine ndimati mwambiwu ndi woona, koma udasiya mbali ina osaitchula. Khondelo si la buluzi. Pali amene adalizira, pali ana amene amaseweretsapo, pali agogo amene amawotherapo dzuwa.

Kodi kukonda nyimbo ndi nkhani ya iwe wekha, ngati kukonda tiyi wa shuga wambiri? Tiyi amalowa m'mimba mwako basi. Nyimbo ikatuluka mu sipika imalowa mwa aliyense amene ali pafupi, afune asafune. Diso lili ndi chikope, ukanyansidwa umatsinzina, koma khutu lilibe chotsekera. Zimene ukumvera wekha utatseka makutu ako ndi timawaya ndilibe nazo mlandu. Vuto limayamba pamene makonda ako akhala katundu woti wina asenze.

Apa mpamene akuluakulu amandikumbatira msanga, kuganiza kuti ndabwerera kwawo. Amati mwaona, nyimbo za ana a lero ndi zolaula zokhazokha. Pepani akuluakulu, inunso simudali oyera pakamwa. Amene adaonererapo Gule Wamkulu pa bwalo usiku amadziwa kuti mawu ena amene amaponyerana gule ndi amayi oimba sangalembedwe pano. Amishoni ambiri adadana ndi Nyau pa zifukwa zingapo, ichi chili chimodzi mwa izo, ngakhale lero guleyu ndi wonyaditsa fuko chivomerezereni bungwe la UNESCO mu 2005. Anamkungwi m'tsimba satchula zinthu mozungulira. Amayi pa mtondo ankanyogodola amuna awo m'nyimbo, mwamuna ali pa khonde akumva, osatha kuyankha. Asuweni ankatukwanana mwanthabwala, adzukulu pa maliro ankachita zoti tsiku wamba ukhoza kulipira nazo nkhuku. Zonsezi zidalipo, ndipo zina zidali zowopsa kuposa zimene woimba wa lero angajambule.

Kusiyana kwake n'kwakuti mawu amenewo adali ndi malire. Adali ndi malo ake, nthawi yake, ndi anthu ake oyenera kuwamva. Za m'tsimba zinkathera m'tsimba, ana ankathamangitsidwa. Za ku dambwe sizinkabwera pa mphala masana. Mkamwini amene ankalaula ndi msuweni wake yemweyo akaona apongozi akubwera ankapatuka kulowa m'tchire. Palibe wapolisi ankalondera zimenezi, mudzi wonse unkadziwa kuti mawu awa amafika apa, sapitirira. Ife a ku Mchinji malire a maboma timawadziwa kuti ndi ofewa, pali mabanja ambiri amene nyumba ili kuno, abale ndi manda a makolo ali mbali inayo. Koma malire a amene akumva ndani, amenewo makolo sankawaseweretsa.

Chimene chasintha si pakamwa pa anthu, ndi makina. Memori khadi imodzi, kapena foni ndi kasipika ka Bluetooth, zimanyamula nyimbo ya m'bala ya pakati pa usiku n'kukaitula pamsika nthawi ya kummawa. Kwerani minibasi yochoka pa boma kupita ku Lilongwe. Musanafike pa Kamwendo yadzaza: mayi wachikulire wakhala moyandikana ndi mkamwini wake poti mpando ndi womwewo, kumbuyo kuli mtsikana wa yunifolomu akubwerera kusukulu, pali bambo ndi mwana wake wamkazi akupita kuchipatala. Ndiye kondakitala waika nyimbo yofotokoza thupi la mkazi chiwalo ndi chiwalo, ndipo idzalira podutsa pa Waliranji, pa Namitete, mpaka ku Msundwe ikubwerezedwa. Palibe amene adaisankha kupatula munthu mmodzi. Onani nkhope za anthu. Mtsikana uja wayang'ana pa windo ngati kunja kuli chachilendo, bambo uja akunamizira kuwerenga uthenga pa foni, mkamwini wazolika. Nyimboyo mwina ndi yokoma, kamvekedwe kake n'kogwedeza phazi, ndipo Loweruka usiku pamalo pake ine ndemwe ndikhoza kuivina. Koma mu minibasi umo muli anthu amene akulipira manyazi kuti mmodzi asangalale, ndipo sadafunsidwe.

Mawu a masiku ano ndimawayeza ndi muyezo womwewo. Sindifunsa kuti achokera kuti kapena ali ndi zaka zingati, ndimafunsa kuti akugwera pamutu pa yani. Ambiri mwa iwo ndimawakonda zedi. "Dolo" ndi mawu okoma kuposa "katswiri", ali ndi kaulemu ka pakati pa anthu ofanana. "Kuphusha", "kusaka", "dhilu": awa ndi mawu a m'badwo umene udamaliza Fomu 4 n'kupeza kuti ntchito kulibe, ndipo akunena zoona za moyo wa wosintha ndalama pa malire kapena wa kabaza kuposa mawu alionse a m'buku. Chiyankhulo chimenechi sichidayambe ndi TikTok. Francis Moto adalemba kale za icho mu 2001, ndipo akatswiri ena a ziyankhulo adachipatsa dzina lakuti Chibrazi. Chili ndi nzeru, chili ndi nthabwala, chimasintha msanga kuposa mitengo ya zinthu m'golosale.

Koma tawerengani mawu amene tili nawo otchulira mtsikana. Angati mwa iwo ndi mayina a katundu kapena a chakudya? Nanga mawu onena za kugonana, bwanji ambiri tidawatenga ku kudya ndi ku kumenya? Mnyamata wa zibwenzi zisanu timamuti shasha, mtsikana wa zibwenzi ziwiri timamupatsa dzina lija lakale loyamba ndi "hu", limene ngakhale agogo amalidziwa. Pamenepa ndiye palibe chatsopano, tangovala malaya atsopano pa nkhanza zakale. Ndipo mawu amenewa sathera mu nyimbo. Mtsikana wogulitsa mandasi pafupi ndi shopu yoikira nyimbo m'mafoni amamva mawuwo kuchokera mu sipika m'mawa, pofika masana wina wawaponya kwa iye akudutsa, anzake n'kuseka. Akakwiya amati sadziwa nthabwala. Chimodzimodzi "zoba" ndi "wakumudzi", mawu amene mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amalandiridwa nawo akafika m'tauni n'kulakwitsa kutchula dzina la woimba wa ku Nigeria, kapena akatulutsa "nifuna" pakati pa ana a ku Area 47. Ife amene timadandaula kuti akuluakulu amatinyoza chifukwa cha kayankhulidwe tili ndi Chichewa Board yathuyathu, ndipo ndi yankhanza kuposa ija ya 1972, chifukwa malamulo ake amasintha mwezi ndi mwezi ndipo salembedwa paliponse.

Wina anena kuti woimba ndi galasi chabe, amaonetsa zimene zilipo kale. N'zoona pang'ono. Koma galasi silibwereza mawu ka 40 pa tsiku mpaka mwana wa Sitandade 3 kuwaloweza. Wina anena kuti ndiye boma liletse nyimbo zoterezi. Ayi, njira imeneyo tidaiyendapo. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments lidabwera mu 1968, chaka chomwe chija cha Chichewa, ndipo m'nthawi ya Kamuzu zidafika poti nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa "Cecilia" idaletsedwa chifukwa dzinalo lidali la Mama Kadzamira. Ukapatsa boma lumo kuti lidule zolaula, limayambira kudula zimene zikulinyoza ilolo. Ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mudzi wonse lero yagwera munthu amene wagwira foni. Ndi iyeyo woyenera kukweza maso, kuona amene ali pafupi, asanakanikize batani.

Ndisanaiwale, mlandu uwu si wa amapiano okha. Mapemphero a usiku wonse amene zimkuzamawu zake zimaloza kunja, m'mudzi muli wodwala ndi wophunzira amene mawa ali ndi mayeso a MSCE, nawonso akhala pa khonde la eni. Uthenga wabwino suchititsa phokoso kukhala laulemu. Galimoto za ndale nthawi ya kampeni ndiye osanena. Ndikanena izi mpamene akuluakulu aja amandisiya, n'kutsaladi ndekha.

Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti malirewa sitidawaiwale. Minibasi yomweyo ikafika pamene paikidwa masamba pa msewu, dalaivala amachepetsa liwiro, kondakitala amazimitsa nyimbo popanda womuuza, wa kabaza amatsika n'kukankha njinga, anyamata amavula zipewa. Tikadutsa masamba achiwiri, dzanja limabwerera pa batani, nyimbo ija imapitirira pomwe idalekezera, ndipo mtsikana wa yunifolomu uja amayang'ananso pa windo.