Nyimbo Akuidziwa, Nanga Nkhani Yake?

 

Sabata yatha ndinalowa m'kanyumba koonetsera kanema pafupi ndi msika. Mukukadziwa kale: mabenchi a matabwa, jenereta ikulira kuseri, mnyamata ali pakhomo kutolera ndalama. Tsikulo anaika filimu yakale ija, Sarafina. Nyimbo itangoyamba, ana onse dzambatu, kuvina motsanzira Leleti Khumalo, amene amasewera ngati Sarafinayo, phazi ndi phazi, osaphonya. Filimu itatha ndinafunsa kamtsikana kena kuti, "Iwe, ana a sukulu aja asilikali amawathamangitsiranji?" Kanangoti kukamwa yasa. Nyimbo kakuidziwa mpaka kumapeto, koma nkhani yake ayi.

Omvera, Sarafina inayamba ngati sewero mu 1987. Analilemba ndi Mbongeni Ngema, ndipo linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg. Nyumbayo inamangidwa mu 1913 ngati msika wa zipatso. Mu 1976 anaisandutsa bwalo la zisudzo, momwe anthu akuda ndi azungu ankaonera limodzi, boma la tsankho lisakufuna. Chaka chomwecho, pa 16 June, apolisi anaombera ana a sukulu ku Soweto, amene ankakana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans. Kuseri kwa kuvina konse kuja kuli maliro a ana amenewo.

Filimu yake inatuluka mu 1992. Ife kuno ku Mozambique chaka chimenecho sitingachiiwale. Pa 4 October, ku Rome, anasainirana pangano lothetsa nkhondo imene inatisautsa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Ena mwa inu munali mutawolokera ku Malawi, mtolo pamutu, mwana kumbuyo, munda mutausiya ndi chimanga chake. Ena munagona m'tchire. Ena munabwerera n'kupeza pamudzi pamera udzu.

Tsono funso langa ndi ili: mdzukulu wanu amene akuvina Sarafina uja, akudziwa kumene munagona usiku umene munathawa? Akudziwa dzina la amalume ake amene sanabwerenso?

Ambirife tinasankha kukhala chete. Ndikumvetsa, chilonda sachikanda dala. Koma mwana amene sanauzidwe mtengo wa mtendere amauona ngati madzi a m'nyanja, oti alipo basi. Akamva za nkhondo amati tsobola wakale sawawa. Mawa wina akadzamupatsa mwala kapena chikwanje kuti akalimbane ndi mnzake chifukwa cha chipani, chipembedzo kapena mtundu, adzalandira, poganiza kuti ndi za m'filimu, zoti wakufa amadzuka jenereta ikazima.

Sindikunena kuti tiziopseza ana kapena kuwaloza kuti banja lakutilakuti ndilo linatilakwira. Kutero n'kufesanso udani umene tinaukwirira kale. Ndikunena kuti tiwauze zoona, modekha: njala yake, mantha ake, ndi anthu achilendo amene anatipatsa pogona ndi nsima osatifunsa kuti ndife a mbali iti.

Kwa inu makolo, kanema wotere akamaonetsedwa, musangopereka ndalama ya pakhomo n'kutsala. Pitani nawo, khalani pa benchi lomwelo, ndipo pobwerera muziwafunsa zimene aona. Kwa inu achinyamata, ikani foni pansi madzulo ano, mukhale pafupi ndi agogo, muwafunse kuti, "Agogo, mu 1992 munali kuti?" Akakhala chete musawakakamize, mudzafunsenso mawa. Mawu a akulu akoma akagonera, koma akuluwo sitikhala nawo mpaka kalekale.

 Tisunge mtendere wathu.