Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha

Akuluakulu amanena mwambiwu kwa munthu amene ntchito yamukulira, kuti asagwe mphwayi koma aziichita pang'onopang'ono mpaka ithe.

M'nyumba za ku Area 43 muli zipangizo zambiri zoyendera nzeru yomweyi. Mita ya ESCOM yolipiriratu, inveta ya sola ngakhalenso geti la rimoti, zonsezi zili ndi kakompyuta kakang'ono kotchedwa microcontroller. Mwachitsanzo, ka ATmega328P ka pa Arduino Uno kamasunga pulogalamu ya makilobaiti 32 okha, ndipo RAM yake ndi makilobaiti 2. Kamagwira mabiti 8 panthawi imodzi. Pophatikiza nambala za mabiti 32 kamadumpha kanayi, ulendo uliwonse katanyamula chotsala.

Imene imaduladula ntchito chonchi ndi pulogalamu yotchedwa compiler. Gawo lake lomaliza, backend, limasankha malangizo amene kachipangizoka kamamva, n'kugawa ma-register 32 amene kali nawo. Likasankha mosasamala, pulogalamu imakula n'kulephera kulowa m'kachipangizoka. Ntchito yolemba compiler ndi ya anthu opirira, ndipo ine ndimaipatsa ulemu kwambiri. Compiler ya GCC, imene Richard Stallman anatulutsa mu 1987, yakula ndi manja a anthu ambirimbiri, ndipo lero avr-gcc, GCC ya tizipangizo ngati ka ATmega328P, aliyense akhoza kuitenga mwaulere.

Tisamangogula zipangizozi osadziwa za m'kati mwake. Ophunzira a ku MUBAS ndi MUST, lembani mizere khumi ya C, kenako muone ndi pulogalamu ya avr-objdump zimene compiler yatulutsa. Yambirani pamenepo.