KODI MUNTHU ANGABERE MWANA AMENE SANABADWE?

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu m'nyengo ya dzuwa amaona dziko lalikulu lathyathyathya, minda kutsogolo, minda kumbuyo, zigafa za fodya zili ndanda, ndipo apa ndi apo kankhalango ka mitengo ikuluikulu kali chiriri pakati pa mbee. Mlendo akafunsa kuti kankhalango kaja nkayani, mwana aliyense wa m'mudzi amuyankha kuti paja mpamanda. Pamenepo nkhwangwa siifika, pakuti anthu amaopa akufa ndi kuwalemekeza. Mitengo ya pamanda ndiyo mboni yotsala yotiuza m'mene dziko lonseli lidaliri masiku a makolo athu.

Tsono, owerenga okondedwa, funso lathu nali. Ngati tidziwa kusungira akufa mitengo, amene safunanso mthunzi kapena nkhuni, bwanji sitiwasungira ana amene sanabadwe? Ndipo ngati tiwatsirizira zonse, kodi pamenepo tangochita mosasamala chabe, kapena tachimwa?

Tiyambe taona m'mene zinthu zidayendera. Nkhalango zathu si zowirira monga zija za mvula yambiri za ku Congo ndi Amazon, zimene Papa Francisko adazitchula m'kalata yake ya Laudato Si' m'chaka cha 2015. Zathu nza mitengo ya mombo, msuku, muwanga ndi mlombwa, yokula pang'onopang'ono pa nthaka yamchenga. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya adachuluka kwambiri m'dera la Kasungu, ndipo malo aakulu adagwetsedwa ndi kuzulidwa zitsa. M'chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono nawonso adaloledwa kulima fodya wa bale, amene kale ankalimidwa ndi maesiteti okha. Fodya aliyense amadya mitengo. Wa kampopi amafuna moto wosazima m'balani masiku angapo, usana ndi usiku. Wa bale safuna moto, koma chigafa chake chimafuna mphanda, mapaso ndi mikangala, ndipo chiswe chikalowa mlimi abwereranso kuthengo ndi nkhwangwa. Katswiri wina, Helmut Geist, adalemba m'chaka cha 1999 kuti pa mitengo 100 iliyonse yotha m'Malawi pakati pa 1990 ndi 1995, ngati 26 inkatha chifukwa cha fodya. Pangano la lendi ya esiteti linkalamula kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a malo lisungidwe la mitengo, koma ambiri adangosaina pepala, mitengo osabzala.

Mtengo ukagwa, sugwa wokha. Masamba ake ndiwo ankaphimba nthaka ndi kuipatsa chajila, mizu yake ndiyo inkatsegulira madzi njira yolowera pansi. Zimenezi zikachoka, mvula imamenya dothi lamaliseche, nkulitenga kunka nalo kumadambo ndi ku mitsinje ya Bua ndi Dwangwa. Madzi amene akadalowa pansi nkumatuluka pang'onopang'ono m'zitsime mpaka mvula ina, amathamanga tsiku limodzi nkupita. Chotero munda umafuna feteleza wochuluka chaka ndi chaka, chitsime chimaphwa msanga, mayi amalawirira m'bandakucha kukafuna nkhuni kutali, ndipo bowa, masuku, uchi ndi matondo, zimene zinkapulumutsa amphawi m'miyezi ya njala, zimasowa. Anthu akasowa pogwira amayang'ana ku nkhalango ya boma ya Kasungu, imene idakhazikitsidwa kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1970, ndipo pamenepo pamabuka udani pakati pa mudzi ndi alonda, pakati pa mlimi ndi njovu.

Tsopano tibwere ku katekisimu. Tonse tidaphunzira kuti Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu limaletsa kuba, ndiponso kuwononga za mwini. Koma mwini nthaka ndani? Malembo Oyera atiphunzitsa kuti Mulungu adaika munthu m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Makolo athu nawo ankadziwa zomwezo m'njira yao, pakuti mfumu ikagawira munthu malo, sankati wagula, koma ankalima podziwa kuti malowo adzatsalira adzukulu a mtundu wake. Munda tsono uli ngati khasu lobwereka. Uli ndi ufulu wolimira, koma ulibe ufulu wolithyola mpini ndi kulibweza lobuntha. Munthu amene alandira munda wachonde ndi nkhalango pambali pake, nasiyira mwana wake mchenga ndi zigwembe, wadya gawo lake ndi la mwanayo lomwe. Mwanayo sangadandaule kwa mfumu kapena kubwalo, popeza sanabadwe, koma kusowa kwa wodandaula sikufafaniza mlandu pamaso pa Mulungu.

Wina adzati: "Zimenezo nzokoma kuzimva m'tchalitchi, koma ine ndili ndi ana asanu ofuna fizi, nsima ndi mankhwala lero lino. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndisiye ana amoyo alire chifukwa cha ana a maloto?" Mau amenewa sitiyenera kuwanyoza, pakuti ngoona. Fodya waphunzitsa ana ambiri a ku Kasungu, wafolera nyumba ndi malata, ndipo ngakhale matchalitchi ena adamangidwa ndi ndalama za kuokushoni. Eklezia aphunzitsa kuti kukula kwa tchimo kumayesedwa ndi kudziwa ndi ufulu wa wochitayo. Mayi wamasiye wothyola nkhuni zophikira ana safanana ndi mwini malo aakulu amene adadziwa pangano lake, anali nazo ndalama zobzalira, koma nasankha kutuma thirakitala kukatenga nkhuni m'nkhalango ya mudzi woyandikana nawo. Wantchito wotumidwa kudula safanana ndi womutuma, ndipo wogula fodya pa mtengo wosalola mlimi kubzala mitengo sangasambe m'manja. Komabe umphawi umachepetsa mlandu, suuchotsa wonse. Moto wotentha tchire lonse chifukwa cha mbewa zisanu sudyetsa mwana aliyense, ndipo ambiri a ife taononga zambiri kupambana zimene njala idatikakamiza.

Ngati tavomera kuti pali kuba, titsate chiphunzitso mpaka kumapeto kwake. Wakuba akalapa, kulira kokha sikukwanira, ayenera kubweza monga angathere. Mwamwayi, ngongole imeneyi njotheka kubweza, ndipo njira zina sizilira ndalama. Yoyamba ndi kusunga zitsa. Mitengo yathu yachilengedwe ikadulidwa mizu yake siifa, imaphuka. Mlimi akasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nasadza zinazo, nazitchinjiriza ku moto ndi mbuzi, adzapeza mtengo msanga kupambana wobzala. Alimi a ku Niger, dziko louma kuposa lathu, adayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1980 pamodzi ndi Tony Rinaudo, ndipo adabwezera mitengo pa mahekitala ngati 5 miliyoni. Yachiwiri ndi kusiya msangu m'munda, mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero suphimba chimanga koma umachidyetsa. Yachitatu ndi chigafa chamoyo, ndiko kubzala mitengo m'mizere pamalo pomwe padzakhale chigafa, kuti mphanda zake zikhale ndi mizu, chiswe chisazithe. Olima kampopi amange mabalani atsopano osadya nkhuni zambiri, nabzale nkhalango yaoyao asanakoleze moto. Pa malo otsetsereka mizere itsate akalozera, ndipo m'mbali mwa mitsinje khasu lisafike.

Wina angafunse ngati si ntchito ya boma imeneyi. Malamulo alipo, monga lamulo la za nkhalango la 1997, koma mbiri itichenjeza. M'zaka za m'ma 1950 boma la atsamunda lidakakamiza anthu kuunda milambala ndi chindapusa ndi ndende, anthu nadana nazo ntchito za malimidwe, ngakhale zina zinali zanzeru. Chimene munthu achita poopa kapitao amachileka kapitao akatembenuka. Pamanda palibe mlonda kapena mpanda, koma mitengo ilipo, chifukwa lamulo lake lidalembedwa mumtima.

Apa ndipo pali ntchito yanu, inu akatekisiti ndi akuluakulu a miphakati. Pophunzitsa za Lamulo lachisanu ndi chiwiri musalekere pa nkhuku ndi mbuzi za mnansi, tchulaninso nthaka, mitengo ndi madzi. Yambani ndi malo a tchalitchi, kuti anthu aone ndi maso zimene amva ndi makutu. Ndipo aliyense wa ife, poyesa mtima wake asanapite kukalapa, adzifunse kuti: munda uja ndidaulandira uli wotani, ndipo ndidzausiya uli wotani? Tsiku lina adzatinyamula kunka nafe pansi pa mitengo ija imene makolo adatisungira. Ambuye atithandize kuti ana amene adzabwere kudzatiika m'manda asadzapeze mthunzi pamenepo pokha.