Za Mwana Wosakhazikika: Kodi Timpatse Mankhwala?

Mai wina wa ku nyanja, kufupi ndi Malindi, anadza kwa ife ndi mwana wace wa zaka 8, nati, "Aphunzitsi, mwana uyu wandilemetsa. Ndikamtuma kukalinda usipa pathandala, aiwala panjira. M'sukulu sakhala pansi. Atate wace amkwapula, koma sasintha. Dotolo wa ku Blantyre anena kuti alipo mankhwala. Kodi ndikampatsa, sindidzazima moto umene anabadwa nao?" Funso ili nlolemera, abale, ndipo tiyenera kulisinkha pamodzi.

Poyamba tidziwe kuti bvuto ili si lacilendo ai. M'caka ca 1902 dotolo wa ku London, George Still, anafotokoza za ana amene, angakhale ali ndi nzeru, sakhoza kusunga mtima pa cinthu cimodzi. Lero madotolo alicha ADHD, nanena kuti mwa ana 100 alipo ngati 5 otere. Ndipo ife a ku nyanja tiri naco cifukwa cina cocitira cifundo, ndico malungo. Ku cipatala ca Queen Elizabeth anatsata ana 132 amene anacira malungo a m'ubongo. M'caka ca 2010 analengeza kuti 14 a iwo anasanduka osaweruzika, koma mwa anzao osadwala nthendayo munalibe ndi mmodzi yense wotere. Cotero mwana amene timuyesa wamwano kapena wolodzedwa akhoza kukhala ndi bala losaoneka. Ndani akwapula wopunduka mwendo cifukwa ca kutsimphina?

Nanga mankhwalawo? Ochuka ndiwo methylphenidate, amene anapangidwa ku Switzerland m'caka ca 1944, ndipo ambiri awadziwa ndi dzina la Ritalin. Athandiza ana ambiri kumvetsera ndi kutsiriza nchito, koma mphamvu yace ikhala maora owerengeka okha, ndipo sacotsa muzu wa bvutolo. Alinso ndi msonkho wace: acepetsa cilakolako ca cakudya, nthawi zina asowetsa tulo, nacedwetsa msinkhu pang'ono. Kwa mwana woonda kale m'miyezi ya njala, msonkho umenewu suli waung'ono.

Cifukwa cace funso loona ndi ili: mankhwalawa timwetsera yani? Ife aphunzitsi tidziweruze tokha poyamba. Ciyambire 1994, pamene sukulu zinakhala zaulere, taona ana oposa 100 m'cipinda cimodzi. Ndipo mtima wotopa ukhumba kuti wosokosera atonthole. Koma kumwetsa mwana kuti ife tipume ndiko kumcimwira. Komatu kuli kucimwa kwina kwa mbali inayo. Ngati mwana mwini alira cifukwa sakhoza kutsiriza cimene afuna, anzace amsala, ndipo ali pafupi kusiya sukulu kukakoka makoka, pamenepo kumkaniza cithandizo cifukwa ca manyazi ndi mau a anthu sindico cikondi.

Msodzi adziwa kuti mwera ukaleka, bwato silifika lokha kudooko, pafunika wopalasa. Momwemo mankhwala atontholetsa mafunde kanthawi, koma kupalasa nkwa mwana, ndipo kumphunzitsa nkhafi nkwa ife. Sapatsa munthu khalidwe latsopano. Angompatsa mpata wakuphunzira.

Tsono ticite motere. Tiyambe tapita naye ku cipatala, aone ngati si likodzo, kucepa kwa mwazi, makutu kapena khunyu, pakuti izinso zisokoneza mwana, monganso njala. Pamenepo timtume cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, timkhazike patsogolo m'sukulu, timpatse nchito ya manja monga kufufuta bolodi, timtame msanga akacita bwino, ndipo tisiye cikoti. Kwa ana aang'ono madotolo eni ace alangiza kuyamba ndi njira izi. Zikapanda kukwanira, dotolo yekha aike muyeso, nayese mwanayo pasikelo kawiri kawiri. Mankhwalawa sapezeka wamba kwathu kuno. Koma tisayese kulowetsa m'malo mwace a pamsika kapena ogonetsa.

Mai uja tinamyankha kuti, "Mai, mantha anu ngabwino, muwasunge, pakuti ndiwo adzakhala mlonda wa mwanayu. Mukampatsa, muzimpenya: ngati adya, agona, naseka monga kale, moto wace sunazime. Mukaona kuti wafota, bwererani kwa dotolo msanga. Ndipo musaiwale kumfunsa mwini wace m'mene akumvera."