Sinowo wa ku Area 47

Padangokhala!

Tilitonse!

Padali mayi wina ku Lilongwe, dzina lake Nachisale. Adagwira ukalaliki ku Capital Hill zaka 18, ndipo atapuma adaona kuti galaja ya nyumba yake ku Area 47 ikungosunga matayala akutha ndi akangaude. Adaisesa, adaipaka penti wachikasu, nakagula timipando 12 tapulasitiki ku Malangalanga. Basi, sukulu yamkaka idayamba.

Ana sadasowe. M'madera a mipanda italiitali amenewa, bambo ndi mayi onse amalawirira ku City Centre, ndipo mwana amatsala ndi wantchito ndi wailesi yakanema. Adabwera a ku 47 komweko, ena a ku Area 10, wina mpaka wa ku 43.

Chidamuimitsa mutu Nachisale n'chakuti aziwaphunzitsa chiyani sabata ndi sabata. Usiku wina adapeza pa intaneti ndondomeko ya masabata 52, sabata iliyonse ndi mutu wake ndi zithunzi zake, yolembedwa ndi mphunzitsi wina wa ku America. Adaipulinta yonse, naiika m'faelo yofiira. Tisaname, ndondomekoyo idali yabwino ndithu. Kwawo kumene idalembedwa.

Womuthandiza adali Anaphiri, mayi wachikulire wa ku Mtandire, kuseri kwa mipanda ya 47. Iwowa adalerapo ana mongodzipereka pasukulu yamkombaphala kwawo ku Dowa, kumene bolodi lidali pansi ndipo choko chidali chala. Faelo yofiira sankaigwira. Ankangophika phala, kusintha matewera ndi kutonthoza olira.

Faelo idati sabata ino ndi ya apulo. Nachisale adagula apulo mmodzi wochokera ku South Africa m'sitolo yaikulu ya ku Old Town, namudula tizidutswa 12, pamene mtengo wa mango kuseri kwa galaja udali utalemedwa mpaka nthambi kugunda mpanda. Mu Okutobala faelo idati maungu, poti ku America ndiyo nyengo yake. Kuno dzuwa lidali kuswa mtengo, munda uli gwa, dzungu osaoneka. Ana adangopaka utoto dzungu lapapepala.

"Amayi," adatero Anaphiri tsiku lina, "bwanji maunguwa tiwadikire Malichi?"

"Anaphiri, adalemba izi ndi anthu ophunzira. Inu samalani phala lisapserere."

Disembala itafika, faelo idati sinowo. Ana adapatsidwa thonje ndi guluu kuti amate pamapepala, thukuta lili kamukamu. Kamnyamata kena ka zaka 4, Chikondi, kadakweza dzanja.

"Aphunzitsi, sinowo amagwa liti kuno?"

"Kuno sagwa."

"Inu mudamuonapo?"

"Ayi."

"Nanga tikumatiranji?"

Nachisale adatsegula faelo, koma funso limenelo mudalibemo.

Usiku womwewo mvula idagwa yamkokomo. Denga la galaja lidadontha, madzi nalunjika pafaelo yofiira penipeni. M'mawa mapepala onse adali phala. Nachisale adakhala pakampando, manja ali m'khosi.

Anawo sadalowe n'komwe. Adaunjikana pakhonde, pansi pa getsi la mlonda, pamene padali mbuu! mapiko a ngumbi, zina zikadayendayenda ziwiriziwiri, ina patsogolo inzake pambuyo.

"Amayi, ndibwerekeni anawa sabata ino," adatero Anaphiri.

Nachisale adangogwedeza mutu.

Tsiku limenelo adatola mapiko, nawaika m'zitsekerero za mabotolo, nawawerenga. Mawa lake Anaphiri adawatsogolera ku chulu cha pa poloti yosamangidwa kutsidya kwa msewu, nawaonetsa timabowo tomwe ngumbi zidatulukira. Adawauza kuti ngumbi ndi chiswe chomwe chija chodya zitseko, koma chamapiko, chotuluka mvula ikafewetsa nthaka kuti chikayambe mudzi wina. N'chifukwa chake chikathothola mapiko chimayenda chiwirichiwiri. Adatapa dothi la pachulu, naumba ng'ombe ndi timiphika. Madzulo Anaphiri adatchera beseni la madzi pansi pa getsi, ndipo Lachisanu chiwaya chidalira, fungo n'kudumpha mpanda. Sabata yonse palibe adalirira kwawo.

Bambo ake a Chikondi, ogwira ntchito kubanki, adafika atakwinya nkhope.

"Mayi Nachisale, ine ndimalipira kuti mwana aphunzire Chingerezi, osati kutola ngumbi."

Asadayankhidwe, Chikondi adawakokera pakhonde, nayala zitsekerero zake, nawerenga mapiko mpaka 20 m'Chingerezi chomwecho, iye amene ankathera pa 5. Kenaka adawafotokozera za chulu, osapumira. Bambowo adakhala chete, natapa m'chiwaya, natafuna.

"Mchere wachepa," adatero. "Kwathu ku Ntchisi timazikazinga ziume kuposa apa."

Adatapanso kachiwiri.

Mukuganiza kuti nthano yatha? Ayi, dikirani. Lolemba lotsatira kudacha kopanda mvula, kopanda ngumbi.

"Lero tiphunzitsa chiyani, Anaphiri?"

"Tiona chimene kwacha nacho, amayi."

Kudacha ndi dzuwa basi. Pofika 9 koloko ana adali atalimbirana chidole, wina atalumidwa khutu, awiri akulira. Anaphiri adathedwa nzeru. Zonse zidali m'mutu mwawo, koma mutuwo unkadikira kuti chinthu chiyambe chagwa pakhonde.

Apa mpamene zaka 18 za ku Capital Hill zidagwira ntchito. Lachisanu masana, ana atapita, Nachisale adatulutsa kope latsopano, nakhala ndi Anaphiri patsinde pa mango.

"Inu nenani zimene zimapsa, zimene zimauluka ndi zimene zimachitika mwezi uliwonse. Ine ndilemba."

Adalemba mpaka dzuwa kupendeka. Januwale, achule ndi matope. Malichi, chimanga chachiwisi ndi maungu aja. Juni, chisanu, majuzi ndi kuopsa kwa mbaula. Sabata ya 6 Julayi, mbendera ndi mitundu yake itatu. Sabata ya 15 Okutobala, anakubala. Sabata iliyonse mutu umodzi wokha, ndipo mutuwo uzikhala chinthu choti mwana achione, achigwire, achiwerenge, achiumbe kapena kuchijambula, Lachisanu akachifotokoze kwawo. Mawu a Chingerezi Nachisale ankawalemba m'mbali, asanu pasabata. Pansi pa tsamba lililonse Anaphiri adaumirira kuti pazitsala malo opanda kanthu.

"A chiyani?"

"A mlendo, amayi. Ngumbi sizilemba kalata."

Chaka chimenecho ana adaphunzira mitsinje iwiri ya mzinda wawo, Lilongwe ndi Lingadzi, namanga timilatho tatimitengo tonga ta kumsika wa Tsoka. Adasewera msika pakhonde, tomato m'milu inayiinayi, wogula osachoka popanda banyira. Adakwera minibasi kukaona anyani ndi apusi ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya pakati pa Old Town ndi City Centre.

Ndipo tsiku lina masana kudagwa matalala, malata a galaja ali phokoso. Anaphiri adatola odzaza mbale. Chikondi adagwira limodzi, likusungunuka m'manja.

"Aphunzitsi, sinowo uja ndi ameneyu?"

"Ayi, mwanangu, uyu ndi msuweni wake," adatero Nachisale, nalemba matalala pamalo a mlendo paja.

Kandiphulireni mbatata yanga pamoto.

Yapserera!